Mwana wa Fomu 1 akuloweza zinthu zimene sakuzimvetsa: tiyambire pati?

MayiWaKuLinga
Moni nonse a pagulu pano. Ndikulera mwana wa mchemwali wanga amene wayamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera kuno ku Nkhotakota. Ku pulayimale ankakhoza bwino, koma tsopano maphunziro amuchulukira, chifukwa pali Chemistry payokha, Biology payokha, Geography, History, komanso nkhani za chuma zimene amakumana nazo mu Social Studies ndi Business Studies. Sukulu yawo ilibe labotale, ndipo buku limodzi amagawana ana angapo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti madzulo amakhala pakhonde n'kumaloweza notsi mawu ndi mawu, koma ndikamupempha kuti andifotokozere m'Chichewa zimene wanenazo, amangondiyang'ana. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2 kalekale. Aphunzitsi ndi makolo amene muli muno, mitu yoyambirira imeneyi mwana angaigwire bwanji, ndipo ine monga kholo ndingamuthandize motani?

Mnyamata_WaChipoka
Mayi, musade nkhawa. Mupezereni mapepala a mayeso akale a MANEB aziwayankha tsiku ndi tsiku, chifukwa mafunso ambiri amabwerezedwa. Ine ndinakhoza MSCE mwa njira imeneyi.

MphunzitsiWaSayansi
Achimwene, mapepala akale ndi othandiza ndithu, koma nthawi yake ndi Fomu 3 ndi Fomu 4. Mwana amene wangoyamba kumene akapatsidwa mafunso a MSCE amangoloweza mayankho, ndipo funso lomwelo likabwera litatembenuzidwa pang'ono amasokonezeka.

Mayi, ndiyambe ndi Chemistry popeza ndi imene ndimaphunzitsa. M'zaka ziwiri zoyambirira ana amaphunzira za zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi za mpweya, kusakaniza ndi kulekanitsa zinthu, komanso za ma asidi ndi ma alkali. Zambiri mwa zimenezi mungathe kumuonetsa pakhomo panu. Mupatseni mchere wosakaniza ndi mchenga wa kunyanja, mumuuze kuti aulekanitse popanda kutola kamodzikamodzi. Akaganiza bwino adzathira madzi kuti mchere usungunuke, adzasefa ndi kansalu kuti mchenga utsale, kenako adzaika madziwo padzuwa m'mbale yosaya mpaka aume n'kusiya mchere. Pamenepo wachita ndi manja ake njira zitatu zimene zili m'notsi zake.

Za ma asidi ndi ma alkali, wiritsani chidede, madzi ofiirawo muwagawe m'matambula atatu. Tambula yoyamba muisiye momwemo kuti muziyerekezera. Yachiwiri mufinyiremo mandimu, ndipo mudzaona kuti kufiira kwake kukuwala kwambiri, chifukwa mandimu ali ndi asidi. Yachitatu muthiremo chidulo kapena soda wophikira therere, ndipo madzi aja adzada n'kuyamba kuoneka obiriwira, chifukwa chidulo ndi alkali. Kenako mwanayo adontheze mandimu pang'onopang'ono m'tambula yachitatuyo mpaka kufiira kubwerere. Akaona zimenezi ndi maso ake, muyezo wa pH umene umayambira pa 0 kufika pa 14, madzi oyera ali pa 7, ma asidi pansi pa 7 ndipo ma alkali pamwamba pake, sudzakhalanso manambala opanda tanthauzo kwa iye. Chokhacho ndikupempha n'chakuti asayerekeze kugwiritsa ntchito asidi wa m'batire ya galimoto kapena mankhwala opopera mbewu, chifukwa amenewo amawotcha ndiponso amapha.

MlimiWaKuBua
Aphunzitsi, popeza mwalowa m'khitchini, ndifunse nanenso. Ife kuno timadya kondowole chibadwire, ndipo tonse timadziwa kuti chinangwa chowawa sitidya chosaviika. Kodi chimachitika n'chiyani m'madzimo? Imeneyi ndi Chemistry kapena Biology?

MphunzitsiWaSayansi
Bambo, funso lanu likugwira maphunziro onse awiri. Chinangwa chowawa chili ndi mankhwala achilengedwe amene amatulutsa poizoni wotchedwa cyanide maselo ake akaphwanyika. Mukachisenda n'kuchiviika masiku angapo, tizilombo tosaoneka ndi maso timafewetsa chinangwacho, maselo amatseguka, ndipo poizoni uja amasungunukira m'madzi, wotsalayo n'kuuluka pamene mukuyanika padzuwa. Ntchito ya tizilomboto ndi Biology, pamene kusungunuka ndi kuuluka kwa poizoni ndi Chemistry. N'chifukwa chake nthawi ya njala, anthu akafupikitsa masiku oviika chifukwa chofulumira kudya, timamva za mabanja amene asanza ndi kuchita chizungulire, ena mpaka kutaya moyo. Tizilombo tinanso tothandiza ndi yisiti amene amasandutsa shuga kukhala ethanol, ndipo ndi mmene ku Dwangwa amapangira ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe akamaliza kupanga shuga.

NaphiriWaKuBenga
Agogo athu ankaviika chinangwa bwinobwino osapita ku sukulu. Sindikuona chimene mwana akupindula pakutchula maina achingerezi a zinthu zimene timazidziwa kale.

MlimiWaKuBua
Mayi, ine ndikuona phindu lake. Agogo ankadziwa chochita, koma mwana amene akudziwanso chifukwa chake angathe kuweruza zinthu zachilendo zimene agogo sanazionepo. Chitsanzo ndi feteleza. Alimi ambiri timagula poona dzina, koma manambala a pathumba sitiwawerenga. Pa thumba la urea pamalembedwa 46, kutanthauza kuti pa makilogalamu 100 alionse, 46 ndi nayitirojeni, amene amabiriwitsa masamba. Pa thumba la feteleza wokulitsa pamakhala manambala atatu otsatizana, oimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu. Mlangizi wathu anatizulitsapo mtedza n'kutionetsa timatuza ta ku mizu, ndipo anati mmenemo mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni wa mumpweya, amene ndi pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse a mpweya wonse, n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Kuyambira pamenepo kasinthasintha wa chimanga ndi mtedza ndimamuchita ndikumvetsa. Mayi a ku Linga, mwana wanuyo mumuzulitse mtedza kapena soya aone yekha timatuzato, ndipo akang'ambe kamodzi aone kufiirira kwa mkati mwake.

MsodziWaKuChia
Ine ndi msodzi, ndipo ndikufuna kunena kuti Biology ya mwana wa ku Nkhotakota ili padoko. Akamaphunzira za mmene zamoyo zimadyerana, asaloweze zitsanzo za nyama zimene sanazionepo. Ayambire pa ndere za m'madzi zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, kenako tizilombo ting'onoting'ono timene timadya nderezo, kenako usipa umene umadya tizilomboto, kenako ncheni ndi kampango zimene zimadya nsomba zinzake, pomaliza nkhwazi ndi ife anthu. Mumufunse kuti chingachitike n'chiyani kwa ncheni ngati usipa utatha chifukwa cha anthu ophera nsomba masikito. Akayankha yekha funso limenelo, mutuwo waugwira.

Za kuberekana, chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakula pang'ono, moti amene wakola chambo chimodzi nthawi yoswana wapha nsomba zambirimbiri. Nsomba za mpasa zimachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi othamanga, ndipo zimatetezeka chifukwa mbali ina ya mtsinjewo imadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Anzathu a ku Salima ali ndi chitsanzo chabwino pa chilumba cha Mbenji, kumene a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi nyengo yonse ya dzinja, kuyambira mu Disembala kufikira mu Epulo, ndipo mwambo umenewu unayamba zaka zambiri zapitazo.

Mnyamata_WaChipoka
Zonsezi n'zokoma kumva, koma pa mayeso safunsa za chilumba cha Mbenji. Amafunsa zimene zili mu silabasi, ndipo amafunsa m'Chingerezi.

NamwinoWaSalima
Achimwene, silabasi imanena za kasamalidwe ka zachilengedwe, ndipo mwana amene wapereka chitsanzo chenicheni cha kwawo sangalakwitse funsolo. Ndiwonjezere mbali ya matenda, popeza Biology ndi imene imatsegula njira ya unamwino ndi udokotala. Mwana wa m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwa kayendedwe ka likodzo: munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, tianato timalowa m'nkhono za m'madzi odekha a m'bango, kenako timatuluka n'kuboola khungu la munthu amene akusamba kapena kuchapa. Malungo amayamba ndi kachilombo ka Plasmodium kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, ndipo kaodzera, amene amapezeka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Mwana ajambule kayendedwe ka matenda alionse mozungulira, kenako aloze yekha malo amene tingadulire mzerewo, monga chimbudzi pa likodzo ndi masikito pa malungo.

MayiWaKuLinga
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba zimenezi m'kope. Nanga za chuma? Dzulo amaloweza kuti mtengo umakwera katundu akachepa ndipo ogula akachuluka, koma atafika pojambula mizere iwiri yopingasana pa pepala anakhumudwa n'kutseka buku.

WaMalondaPaBoma
Mayi, mizereyo ibwere pambuyo. Muzimutuma kumsika kukagula usipa, ndipo azilemba mtengo wa mulu pamodzi ndi mmene nyengo inalili usiku wathawo. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri usipa subwera wambiri ku nyali, ndipo padoko pamafika wochepa. Chimodzimodzi mwera ukawomba m'miyezi yozizira, mabwato sapita kutali. Ogula amakhala omwewo koma katundu wachepa, ndiye mulu umachepa kapena mtengo umakwera. Mpunga nawo umatsika mtengo nthawi yokolola pamene aliyense akugulitsa, n'kudzakwera dzinja likamayandikira pamene nkhokwe zapepuka. Akasonkhanitsa mitengo ya mwezi wathunthu m'kope lake, mizere ya m'buku ija adzaijambula ndi manambala ake, ndipo adzaona kuti ikungonena zimene waona kale kumsika.

MlimiWaKuBua
Bambo, mwanena zoona koma simunamalize. Mpunga sutsika mtengo chifukwa cha kuchuluka kokha. Mlimi amagulitsa msanga chifukwa fizi ya ana, ngongole ya feteleza ndi matenda sizidikira, ndipo mavenda amadziwa zimenezi. Ena masikelo awo ndi okayikitsa. Mwana aphunzirenso kuti pa msika wogula ndi wogulitsa sakhala ndi mphamvu zofanana nthawi zonse.

WaMalondaPaBoma
Sikuti wamalonda aliyense ndi wakuba, bambo. Ifenso timalipira galimoto pa msewu wa M5, ndipo mafuta akakwera zonse zimakwera. Boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta, feteleza ndi mankhwala, zimene timagula kunja ndi madola, zinakwera nthawi yomweyo, ndipo zimenezo sizinayambe ndi venda. Dziko lathu limagula zambiri kunja kuposa zimene limagulitsa, ndipo ndalama zakunja timadalira kwambiri fodya, kenako tiyi, shuga ndi mbewu zina.

MlimiWaKuBua
Sindinanene kuti onse ndi akuba. Ndanena kuti mlimi amene ali yekha alibe mawu pa mtengo, n'chifukwa chake timalimbikitsana kulowa m'makopaletivi kuti tizisunga mpunga pamodzi n'kugulitsa mtengo ukakhala bwino.

MphunzitsiWaSayansi
Akuluakulu, mkangano wanuwu ndi phunziro lokwanira kwa mwanayo, ndipo mayi angamuwerengere mayankho anu onse n'kumufunsa kuti afotokoze mfundo ya aliyense m'mawu ake. Komabe tibwerere, chifukwa History ndi Geography sitinazikhudze.

AgogoOpumaPantchito
Ndinaphunzitsa History zaka zambiri ndisanapume, ndipo chimene chinkandimvetsa chisoni n'chakuti ana a ku Nkhotakota ankaloweza za malonda a akapolo ngati nkhani ya dziko lakutali, pamene malo ake akuwadutsa tsiku lililonse popita kukatunga madzi. Cha m'ma 1840 Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdullah anakhazikika kuno, ndipo iye pamodzi ndi amene anamulowa m'malo ankatchedwa a Jumbe. Nkhotakota inasanduka doko lalikulu la minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankawasonkhanitsa kuno, kuwakweza m'zombo kuwoloka nyanja, kenako kuwayendetsa pansi ulendo wautali wopita ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. David Livingstone anakumana ndi Jumbe kuno m'chaka cha 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene umakumbutsa za msonkhanowo ukusungidwa mpaka lero. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anapangana pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Dzina la Nyasaland linabwera mu 1907, ufulu tinalandira pa 6 Julayi 1964.

Mayi, musamuuze mwanayo kuti aloweze zakazi poyamba. Pitani naye pa mkuyupo, pitani naye ku tchalitchi cha Anglican cha All Saints kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895, muyende naye m'Linga aone mzikiti. Mutu woyamba wa History ndi wa magwero a mbiri, ndiko kuti zolembedwa, zosimbidwa pakamwa ndi zotsalira zakale, ndipo iye adzakhala ataziona zonse zitatu tsiku limodzi.

MdzukuluWaKuLinga
Agogo, ndikulemekeza zimene mwalemba, koma ndili ndi dandaulo pa mmene nkhaniyi imaphunzitsidwira. Ana ambiri amatuluka m'kalasi akukhulupirira kuti Livingstone analankhula pansi pa mtengo ndipo ukapolo unatha tsiku lomwelo. Malondawo anapitirira zaka zoposa 30 pambuyo pake, ndipo anatha ndi nkhondo za m'ma 1890, pamene Mlozi, wamalonda a akapolo wa kumpoto, anagonjetsedwa ku Karonga mu 1895. Chachiwiri, ife Asilamu a kuno nthawi zina ana athu amachita manyazi m'kalasi ngati kuti mlandu wonse ndi wa makolo awo okha, pamene panali mafumu ndi amalonda a mitundu ina amene ankagwira ndi kugulitsa anthu, komanso ogula a kutsidya kwa nyanja. Ukapolo unali choipa chachikulu ndipo sindikuuchepetsa ngakhale pang'ono. Koma nthawi yomweyo ndi imene inabweretsa Chisilamu, luso lopanga zombo ndi ulimi wa mpunga umene boma lino limadziwika nawo.

AgogoOpumaPantchito
Mdzukulu wanga, mfundo zako ndi zolondola, ndipo zikuonetsa chifukwa chake mwana ayenera kufunsa kuti nkhani imene akuwerenga analemba ndani. Zambiri za nthawi imeneyo zinalembedwa ndi amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, pamene anthu amene anagwidwawo sanasiye makalata. Mwanayo akacheze ndi okalamba a m'mudzi, Asilamu ndi Akhristu omwe, alembe zimene anamva kwa makolo awo, kenako ayerekeze ndi za m'buku. Pamene zikusiyana asafulumire kutaya chimodzi, koma afunse chifukwa chake zasiyana.

WaMapuSengaBay
Geography ndi imene ikufotokoza chifukwa chake a Jumbe anasankha malo amenewa, pokhala pali ndomo ya mchenga yotchinga mafunde imene inkapereka doko labwino la zombo. Mwana ayambe ndi funso lakuti nyanjayi inabwera bwanji. Tili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika n'kutitimira pakati, m'mbali mwake n'kutsala mapiri, ndipo n'chifukwa chake wochokera ku Ntchisi kapena ku Dowa amatsetsereka kwambiri asanafike kunyanja, n'kumva kutentha kukuwonjezeka pamene akutsika. Kung'ambikako sikunathe. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira chivomerezi cha mu Marichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri, ndipo akasupe a madzi otentha amene ali pafupi ndi boma la Nkhotakota ndi umboni wina wa ming'alu imeneyi. Kumpoto nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo madzi a pansi kwambiri alibe mpweya wa okosijeni, moti nsomba zimakhala m'madzi a pamwamba okha.

Chinanso chofunika ndi mitsinje. Bua amachokera cha ku Mchinji, Dwangwa amachokera ku Kasungu, ndipo mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe amene amafika m'nyanja kuno ku Salima. Mitsinje yolowa ndi yambiri, koma wotuluka ndi Shire yekha, amene amayambira ku Mangochi, kudutsa ku Liwonde, kupukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kukathira mu Zambezi. Mwana akamvetsa zimenezi adzaona kuti madzi osefukira, monga amene anavutitsa anthu a ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, amakhudzana ndi mvula komanso mitengo ya kumtunda kumene mitsinje imachokera.

Mnyamata_WaChipoka
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, makamaka za chinangwa. Koma mfundo yanga ya Chingerezi palibe amene waiyankha. Mwana angamvetse zonsezi m'Chichewa, koma akalephera kuzilemba m'Chingerezi, woyesa mayeso samupatsa malikisi.

MphunzitsiWaSayansi
Pamenepo muli ndi mfundo yolimba, achimwene, ndipo sindikufuna kuti mayi aganize kuti chidede ndi usipa zilowa m'malo mwa buku. Njira imene ndimauza ana anga ndi iyi: aone chinthucho, achifotokoze m'Chichewa kwa munthu wa pakhomo mpaka munthuyo amve, kenako atseke notsi n'kulemba ziganizo zisanu m'Chingerezi cha iye mwini, ngakhale chikhale chothyokathyoka, ndipo pomaliza atsegule buku n'kukonza mawu a sayansi amene waphonya. Akhale ndi kope lapadera la mawu atsopano a phunziro lililonse. Mawu ena, monga zizindikiro za ma element 20 oyambirira (zinthu monga okosijeni ndi nayitirojeni), ayenera kuwaloweza basi, ndipo palibe njira yachidule pa amenewo. Mapepala anu akale aja adzawagwiritsa ntchito bwino akadzafika Fomu 3.

NaphiriWaKuBenga
Bambo a mapu, ndili ndi funso pa zimene mwanena. Ngati mitsinje yambiri chotere ikuthira m'nyanja ndipo wotuluka ndi Shire yekha, bwanji nyanja siidzaza mpaka kumiza midzi yonse?

WaMapuSengaBay
Mayi, madzi ambiri amene nyanja imataya sadutsa mu Shire, koma amauluka ndi dzuwa ndi mphepo n'kukwera kumwamba ngati nthunzi, monga momwe madzi a mchere aja amaumira m'mbale imene aphunzitsi anatchula. Nyanja ndi yotambalala kwambiri ndipo kuno kumatentha, choncho madzi ouluka chaka chilichonse amaposa kutali amene Shire amatulutsa. Mvula ikagwa yambiri zaka zotsatizana nyanja imakwera, monga tinaonera mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Ikachepa zaka zambiri nyanja imatsika, ndipo cha m'ma 1915 inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutulutsa madzi a m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Geti ya pa Kamuzu Barrage ku Liwonde inamangidwa kuti izithandiza kuwongolera madzi amene akupita kumunsi ku makina a magetsi. Mwana wa mayi a ku Linga uja atha kuzika kamtengo pagombe kumapeto kwa dzinja, n'kumapita kukayeza mwezi uliwonse kuti madzi abwerera masitepe angati kufikira mvula ya chaka chamawa itayamba.